Jim Henson, munthu amene anapatsa nsalu mawu

Mukamasankha malaya a ana pa milu ya kaunjika ku Biwi, simuchedwa kupeza kena kojambulidwa nkhope ya kachilombo kofiira ka maso otuzuka, kapena chilombo chabuluu chikubwira bisiketi. Pa WhatsApp pamayendanso chithunzi cha chule wobiriwira akumwa tiyi pafupi ndi zenera, chimene anthu amatumizirana akafuna kunena kuti nkhaniyo si yawo. Wofiirayo ndi Elmo, wabuluuyo ndi Cookie Monster, chuleyo ndi Kermit. Onse atatu ndi zidole zovala kudzanja zotchedwa Muppets, ndipo anasokedwa pa kampani ya munthu mmodzi wa ku America, Jim Henson. Nkhope zawo tikuzidziwa, koma mwiniwake ndi ochepa kuno amene anamumvapo. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa: iye anamwalira mu 1990, pamene wailesi ya kanema ya dziko lathu, imene inkatchedwa TVM, inayamba kuulutsa mu 1999.

James Maury Henson anabadwa pa 24 September 1936 ku Greenville m'chigawo cha Mississippi. Bambo ake anali katswiri wa zaulimi m'boma, ndipo ntchitoyo inasamutsira banjali ku Maryland, pafupi ndi Washington. Agogo ake aakazi ankadziwa kusoka ndi kujambula, ndipo mdzukuluyo anatengera luso la manja kwa iwo. Komabe mtima wake sunali pa zidole. Iye anakopeka ndi TV, imene nthawi imeneyo inali chinthu chachilendo m'makomo, ndipo ankangofuna njira iliyonse yoti alowere ntchito kumeneko. Mu 1954 siteshoni ina ya ku Washington inafuna achinyamata odziwa kuseweretsa zidole. Henson anadziphunzitsa yekha, nasoka zake, n'kukalembedwa.

Chaka chotsatira, ali wophunzira pa University of Maryland, siteshoni ya WRC-TV inamupatsa mphindi zisanu zokha. Pulogalamuyo inali Sam and Friends, imene inayamba mu May 1955 n'kutha mu 1961. Ankaichita ndi mnzake wa pasukulupo, Jane Nebel, amene anadzakhala mkazi wake mu 1959. Kermit anabadwira m'pulogalamu imeneyi. Henson anatenga chikhoti chimene mayi ake anasiya kuvala, nachidula, ndipo maso anapanga ndi kampira ka tenisi ya patebulo kong'ambidwa pakati. Poyamba sanali chule ayi, ankaoneka ngati buluzi. Kermit woyambayo ali ku Smithsonian, nyumba yosungira zinthu zakale ku Washington, kumene banja la Henson linamupereka mu 2010.

Zimene anasintha

Henson asanabwere, oseweretsa zidole pa TV ankangotenga kabokosi ka makatani kamene ankagwiritsa ntchito pa zionetsero za pabwalo, n'kukaika patsogolo pa kamera. Woonera ankaona bokosi, m'bokosimo muli chidole cha mtengo cha nkhope youma. Henson anaona kuti bokosilo n'losafunika, pakuti sikirini ya TV ili kale ndi malire ake anayi. Chimene kamera sikuona, woonera sachionanso. Choncho woseweretsa angoima pansi pa malire a chithunzi, dzanja lili m'mwamba, ndipo chidole chimakhala ndi ufulu woyandikira kamera mpaka mphuno kugunda galasi, kapena kuthawira kutali.

Koma munthu amene dzanja lake lili pamwamba pa mutu saona chimene dzanjalo likuchita. Henson anaika ka TV kakang'ono pansi, pafupi ndi mapazi ake, koonetsa chithunzi chomwecho chimene anthu akuona kunyumba. Motero ankasewera akudziona. Zimenezi zimaoneka zophweka, koma wophunzira aliyense amasokonezeka nazo, chifukwa ka TV si kalilole: ukapititsa dzanja kumanja, pa chithunzi chidole chimaoneka chikupita kumanzere. Pamafunika kuyeseza kwa nthawi yaitali kuti ubongo uzolowere. Mpaka lero, amene amaseweretsa zidole pa TV amagwira ntchito maso ali pa ka TV kapansiko.

Chinanso ndi zipangizo. Kamera imabwera pafupi kwambiri ndi nkhope, ndipo nkhope ya mtengo siyisintha. Henson anasankha nsalu yofewa ndi siponji. Mutu wa Kermit ulibe chigoba cholimba; ndi nsalu yokuta zala basi. Zala zikapindika pang'ono, chule amakwinya nkhope, ndipo woonera amadziwa kuti wakhumudwa ngakhale asanatsegule pakamwa. Manja a chidole amayendetsedwa ndi timitengo tiwiri ta waya tochokera pansi, osati zingwe zochokera kumwamba. Pakamwa pamatseguka mogwirizana ndi mawu, ndipo woseweretsa waluso amatsitsa chala chachikulu, chimene ndi chibwano, m'malo motukula zala zapamwamba, kuti maso a chidole asachoke kwa amene akulankhula naye.

Pa maso pomwepo pali nzeru ya Don Sahlin, mmisiri amene anasoka zidole zambiri zoyamba za Henson kuyambira ndi galu Rowlf mu 1962. Sahlin ankaika maso pomalizira penipeni, atayesa malo angapo, chifukwa mtunda wa pakati pa maso, mphuno ndi pakamwa ndiwo umaonetsa ngati chidole chikupenya kapena changotong'ola. Timadontho takuda ta m'maso amatiyandikizitsa pang'ono, kuti chioneke kuti chikuyang'ana inuyo. Mukalakwitsa pamenepa, kaya nsalu ikhale yodula chotani, mwasoka pilo.

Zidole zina zimafuna anthu awiri. Woyamba amalowetsa dzanja lamanja m'mutu ndi lamanzere m'dzanja limodzi la chidole, wachiwiri amakhala dzanja linalo. Ayenera kumvana osalankhulana, atapanikizana phewa ndi phewa, nthawi zina kwa maola. Pa chidole cha wophika wa ku Sweden, Henson ankagwira mutu ndi mawu pamene mnzake Frank Oz ankakhala manja onse awiri, ndipo nthabwala yake inkachokera pa kuti mutu sunkadziwa chimene manja achite. Apa m'pamene ndimaona kuti kutchula Henson yekha n'kulakwira anzake. Jerry Juhl, amene anabwera mu 1961, ndiye ankalemba mawu ambiri. Oz anabwera mu 1963 ali ndi zaka 19, ndipo ndiye anapatsa moyo Miss Piggy, Fozzie, Bert, Grover ndi Cookie Monster. Mphatso yaikulu ya Henson inali kudziwa kusankha anthu ndi kuwasiya kuti ayese maganizo awo.

Ndalama zoyambira zinachokera ku malonda. Kuyambira 1957 ankapanga timauthenga ta masekondi asanu ndi atatu totsatsa khofi wa Wilkins, mmene chidole chokana khofi chinkaphulitsidwa kapena kumenyedwa. Nthabwala zake zinali zaukali, zosayenera ana, koma zinamuphunzitsa kunena nkhani yonse m'kanthawi kochepa. Luso limenelo linadzagwira ntchito yabwino kuposa kugulitsa khofi.

Msewu wa ana osauka

Cha m'ma 1966, Joan Ganz Cooney ndi Lloyd Morrisett anayamba kufunsa ngati TV ingaphunzitse ana amene sanayambe sukulu, makamaka a m'mabanja osauka a m'matauni. Iwo anaona kuti mwana wa zaka zitatu amaloweza nyimbo zotsatsa malonda popanda womukakamiza. Nanga bwanji osamugulitsa zilembo ndi manambala mwa njira yomweyo? Anapempha Henson kuti awathandize. Iye anazengereza, poopa kuti anthu adzamutenga ngati wosangalatsa ana basi, koma anavomera. Pulogalamuyo, Sesame Street, inayamba pa 10 November 1969.

Msewu wa m'pulogalamuyo sunali wa anthu olemera. Unali wa nyumba zakale, masitepe apakhomo, kagolosale, ndi mgolo wa zinyalala mmene munkakhala Oscar wolongolola. Anthu akuda ndi azungu ankakhala moyandikana. Mu 1970 bungwe la boma loyang'anira TV ya maphunziro ku Mississippi, kwawo kwa Henson, linaletsa pulogalamuyi chifukwa cha kusakanizana kwa mitunduko, ndipo linabweza chiletsocho patapita masabata ochepa nkhaniyo itatuluka m'manyuzipepala.

Pali mfundo imodzi ya mbiri ya pulogalamuyi imene aphunzitsi ayenera kuidziwa. Akatswiri a maphunziro analangiza kuti zidole zisamaonekere pamodzi ndi anthu enieni, poopa kuti ana asokoneza zoona ndi zongopeka. Opanga pulogalamu anamvera. Koma atayesa zigawo zoyamba pa ana a ku Philadelphia mu July 1969, anapeza kuti zidole zikachoka n'kutsala akuluakulu okha akulankhula, ana ankayang'ana kumbali. Anaphwanya langizo lija, naika zidole mumsewu momwemo. Umu ndi mmene Big Bird, chimbalame chachikasu chotalika pafupifupi mamita awiri ndi theka, chinayambira kuyenda pakati pa anthu. Pulogalamuyi inkayesedwa pa ana enieni isanaulutsidwe, ndipo chimene ana sanachimve chinkakonzedwanso. Akuluakulu sankangoganiza okha kuti ana akonda chiyani.

M'kati mwa chimbalamecho munali Caroll Spinney, amene anagwira ntchitoyi kuyambira 1969 mpaka 2018. Dzanja lake lamanja linkakhala chiimire pamwamba pa mutu wake kuti liyendetse mutu wa mbalame, ndipo poti munalibe poonera kunja, ankaona njira pa ka TV komangirira pachifuwa. Henson mwiniwake ankasewera Ernie, wanthabwala wosatekeseka, pamene Oz anali Bert, wokonda dongosolo ndi wosachedwa kupsa mtima. Amene anaonera Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, akudziwa mmene anthu awiri ozolowerana amaseketsera: wina amayatsa, wina amapsa, ndipo palibe angachite yekha.

Chigawo chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha mu November 1983. Will Lee, amene ankasewera Mr. Hooper mwini golosale, anali atamwalira chaka cham'mbuyo. Olemba akanatha kunena kuti wasamuka, kapena kuika munthu wina m'malo mwake. Anasankha kunena zoona. Big Bird, amene maganizo ake ndi a mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, akubwera ndi chithunzi chimene wajambula kuti apatse mnzakeyo, ndipo akuluakulu akumufotokozera, misozi ili m'maso, kuti munthu akamwalira sabwereranso, koma kuti iwo alipo ndipo amusamalira. Kwathu kuno timakonda kuuza mwana kuti agogo apita kutali, ndipo mwanayo amakhala akudikira pakhomo. Chidole chinafunsa mafunso amene mwana amaopa kufunsa, ndipo mwana woonera anamva mayankho popanda kudzudzulidwa.

London ndi mafilimu

Henson ankafunabe pulogalamu ya banja lonse. Masiteshoni akuluakulu a ku America anakana, ponena kuti zidole ndi za ana. Amene anavomera ndi Lew Grade wa ku Britain, ndipo The Muppet Show inajambulidwa ku Elstree, pafupi ndi London, n'kuulutsidwa kuyambira 1976 mpaka 1981. Inali ndi zigawo 120 ndipo inaonetsedwa m'mayiko opitirira 100. Kermit anali woyang'anira chionetsero chimene chilichonse chinkalakwika, ndipo sabata iliyonse kunkabwera mlendo wotchuka. Harry Belafonte atabwera, anaimba ndi zidole zopangidwa motsanzira nkhope zosema za ku Africa, ndipo chigawo chimenecho chinachitidwa mwaulemu, popanda kuseka zosemazo.

Mu filimu yoyamba, The Muppet Movie ya 1979, Kermit akuimba ndi banjo atakhala pa chipika pakati pa dambo. Kuti zimenezi zitheke, Henson anadzipinda m'chitini chachitsulo chomizidwa m'madzi, akupuma kudzera m'paipi, dzanja litatulukira pamwamba, maso ali pa ka TV. Pambuyo pake anapanga The Dark Crystal mu 1982, filimu yopanda nkhope ya munthu ngakhale imodzi, ndi Labyrinth mu 1986, mmene munali woimba David Bowie. Labyrinth inaluza ndalama, ndipo zinamupweteka kwambiri; anthu anadzaikonda iye atapita kale. Malo ake opangira zilombo za m'mafilimu, Creature Shop, anaphatikiza nsalu ndi timainjini toyendetsedwa patali, ndipo ndiwo anapanga akamba a mu Teenage Mutant Ninja Turtles mu 1990. Yoda wa mu Star Wars ankaseweredwa ndi Frank Oz, ndipo amene anauza George Lucas, mwini filimuyo, kuti atenge Oz ndi Henson.

Ntchito imodzi ya zaka zimenezo ili pafupi kwambiri ndi ife. Mu The StoryTeller, imene inayamba mu 1987, John Hurt amakhala pamoto ndi galu wake wolankhula, akusimba nthano zakale za ku Ulaya. Galuyo amadula mawu, amafunsa, amatsutsa, monga mmene omvera athu amayankhira kuti tili tonse. Henson anazindikira kuti nthano siyifuna womvera wachete.

Anamwalira pa 16 May 1990 ku New York ali ndi zaka 53. Kwa masiku angapo ankamva ngati chimfine, ndipo sanafune kuvutitsa anthu. Kanali kachilombo ka bakiteriya ka mtundu wa streptococcus, kamene mankhwala amatha kugonjetsa munthu akafika msanga kuchipatala. Iye anafika mochedwa. Anali atalemba kale kuti pa mwambo womukumbukira pasadzakhale wovala zakuda, ndipo pa 21 May m'tchalitchi chachikulu cha St. John the Divine, Big Bird anayenda kupita kutsogolo n'kuimba. Kermit anapitirira ndi dzanja la Steve Whitmire, kenako la Matt Vogel kuyambira 2017. Kampani ya Disney inagula Kermit ndi anzake mu 2004, pamene zidole za Sesame Street zili m'manja mwa bungwe losachita phindu la Sesame Workshop.

Njira yake itafika ku Africa

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 Gary Friedman wa ku South Africa anayambitsa Puppets Against AIDS, gulu loyenda ndi zidole zikuluzikulu m'misewu ndi m'makomboni kukamba za Edzi pa nthawi imene anthu sankafuna n'komwe kutchula dzina la matendawa. Henson anali mmodzi wa amene anamuthandiza poyambira. Chidole chinkanena za kondomu pagulu, anthu n'kuseka, kenako n'kufunsa mafunso amene sakanafunsa namwino.

Sesame Workshop nayo inatsata njira yogwira ntchito ndi olemba, aphunzitsi ndi oseweretsa a m'dziko lomwelo, kuti apange zidole zawozawo zolankhula zinenero zawo. Takalani Sesame inayamba ku South Africa mu 2000, Kilimani Sesame ku Tanzania mu 2008, Sesame Square ku Nigeria mu 2011. Mu 2002 Takalani inabweretsa Kami, kamtsikana kachikasu ka zaka zisanu, kamasiye, kamene kali ndi HIV. Kami si wodwalika womvetsa chisoni. Amasewera, amaseka, amakumbatirana ndi anzake, ndipo amawafotokozera kuti kudyera naye mbale imodzi sikupatsirana kachilombo. Aphungu ena a ku America anadandaula kuti nkhani yotere si ya ana aang'ono, koma ku South Africa ana ambirimbiri anali akukhala nayo kale m'nyumba zawo. UNICEF inasankha Kami kukhala kazembe wa ana mu 2003. Tikumbukire kuti kuno kwathu boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo zaka zimenezo mwana wodziwika kuti ali ndi kachilombo ankasalidwa ngakhale pa masewera a fulaye.

Chidole china, Raya, kamtsikana kobiriwira kovala nsapato nthawi zonse kakamapita kuchimbudzi, kanapangidwa kuti kaphunzitse kusamba m'manja ndi kumwa madzi otetezedwa. Mogwirizana ndi World Vision, maphunziro ake anayambira m'masukulu a ku Zambia n'kufalikira ku mayiko ena, kuphatikizapo Malawi. Amene anali mu Lilongwe pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno n'kuchedwetsa kutsegulira sukulu mumzindawu mu January 2023, safuna kuuzidwa kufunika kwa phunziro limeneli.

Komabe chidole chobwera ndi bungwe chimapita bungwelo likamaliza pulojekiti. Chimene Henson anasiya chimene sichitha ndi njira ya kagwiridwe ka ntchito, ndipo njirayo siyifuna chuma chambiri. Zonse zimene anayamba nazo mu 1955 zikupezeka ku Biwi lero lino. Telala wa pakhonde amataya tizidutswa ta nsalu tsiku lililonse. Okonza mipando ya galimoto pa Biwi Triangle amadula siponji. Ana a ku Kawale ndi ku Chinsapo amapinda mawaya n'kupanga galimoto zokhala ndi chiwongolero, ndipo dzanja lodziwa zimenezo silingalephere timitengo toyendetsera manja a chidole. Foni ya m'thumba imajambula bwino kuposa kamera za WRC-TV za nthawi imeneyo, ndipo foni yachiwiri ingakhale ka TV kapansi kaja. Nthano tili nazo: Kalulu, Fisi, Kamba ndi Njovu ali kale ndi makhalidwe awo odziwika kwa mwana aliyense.

Chimene chimafuna khama ndi mbali imene siyigulidwa pamsika. Pamafunika wolemba wodziwa kuseketsa popanda kunyoza, oseweretsa ololera kukweza dzanja mpaka phewa kuwawa, ndi kudzichepetsa kokaonetsa ntchitoyo kwa ana khumi a pa sukulu ya mkaka n'kuyang'ana pamene ayamba kutembenuka. Mapulogalamu athu a ana amakonda kukhala a munthu wamkulu akulangiza, ana atakhala pamzere akuyankha pamodzi. Mwana amamvera malangizo otere chifukwa cha ulemu, koma amakhulupirira mnzake amene amalakwitsa ngati iye, amene amawerenga molumpha nambala n'kuyambiranso. Chidole chimatha kukhala mnzake ameneyo.

Eni masiteshoni a TV, magulu a zisudzo ndi alezi a ana m'sukulu za mkaka, yambani ndi mphindi zisanu, zidole ziwiri ndi nthano imodzi ya Chichewa, ndipo musanaiulutse, kaiyeseni kaye pa ana.